Chisoti cha Nambala 44

Lolemba lililonse zisoti zimatsikira kwa ine,
m'chipinda cha pansi pa bwalo, chopanda zenera.
Zina zimabwera zosalala ngati sizinatuluke n'komwe.
Cha Dell Hochstetler chimabwera chitavala penti wa eni ake:
wobiriwira wa sabata yatha, wofiira wa dzulo,
ndi kamzere ka siliva pamphumi, pomwe wina anamupatsa moni.
Ndimapala ndi kampeni, pang'onopang'ono.

Anafika kuno ndi chikwama chimodzi ndi khosi la nkhunzi,
mwana wa mlimi wa ku Nebraska.
Masiku atatu osankha osewera anakhalira kuyang'ana foni,
mayi ake akutenthetsanso khofi, alendo akuchoka mmodzimmodzi.
Sinalire.
Inadzalira Lachiwiri, ali m'khola, manja ali ndowe zokhazokha.

Ntchito yake ndi iyi: kuthamangira munthu.
Mpira ukanyamuka sabwera kwa iye.
Iye amaloza kampata kosakwana ndi mwana yemwe,
amagunda chimphona chomwe chaima pamenepo,
khu!
ndipo kumbuyo kwake Marquise amadutsa, mpira m'khwapa,
miyendo ikuseka.
Bwalo lonse limakuwa dzina la Marquise.
Dell amakhala pansi pa mulu wa mawondo ndi nsapato.

"Phokosolo ndimalimvera m'nthiti,"
anandiuza tsiku lina akumasula mabandeji.
"Likagwedeza nthaka, ndimadziwa kuti chitseko ndatsegula."

Kalambulabwalo.
Matimu awiri anamuchotsa asanafike kwa ife.
Amadziwa kagogodedwe kake: kawiri, mwaulemu,
kenako mawu aja, mphunzitsi akukufuna, bwera ndi buku la masewero.
Akuti anagonapo milungu itatu m'galimoto ya mlongo wake ku Tulsa,
m'mawa uliwonse n'kumakankha galimoto yomweyo pamtunda
kuti miyendo isaiwale.

Anyamata a makompyuta a m'chipinda cham'mwamba
amati malo ake akutha m'masewerowa,
ngati ntchito ya wokonza mataipilaita.
Masiku ano mpira umauluka, amatero, suboola.
Iye amangogwedeza mutu, n'kupempha zingwe zatsopano za nsapato.

Ndiye kunabwera Disembala uja.
Chipale chofewa chinafufuta mizere yonse,
mphepo ikubweza mpira uliwonse woponyedwa.
Inatsala yadi imodzi.
Ndinali m'mbali ndi matawulo otentha
pamene ndinaona mpira ukulowa m'mimba mwa nambala 44.
Iye mwini anachita ngati wadabwa.
Panalibe womulambulira. Anaweramitsa mutu,
mulu unaima, unanjenjemera, unasuntha chikhatho chimodzi,
kenako china,
n'kugwera kutsogolo.

Woulutsa mawu anaphonya katchulidwe ka dzina lake.
Anthu anakuwabe, aliyense m'mene analimvera.

Mpirawo anabwera nawo kwa ine, utanyowa.
"Bambo Orville, mundilembere tsiku, dzanja langa likunjenjemera."
Ndinalemba. Patapita kanthawi anabwereranso,
kudzandipempha kuti ndimulembere tsiku.
Ndinamusonyeza. Anaseka. Ine sindinaseke.

Chaka chonse, m'mabuku:
ananyamula mpira kanayi, mayadi asanu ndi awiri.
Mabukuwo alibe danga la mayadi chikwi a Marquise
omwe anadutsa paphewa lake lamanzere,
lomwe tsopano limalira ngati chitseko cha khola.

Akuluakulu mayina awo timawalemba pa chitsulo,
n'kukhomera pamwamba pa kabati.
A ngati Dell timalemba pa tepi, ndi cholembera chakuda,
kuti kumatula kusavute.

Ino ndi Malichi. Kumwambako sanalankhule.
Dell ali kwawo, akuti akubereketsa ng'ombe usiku,
foni ili m'thumba la pachifuwa.
Ngodya imodzi ya tepi yake yayamba kupindika.
Dzulo ndinaikanikiza ndi chala.
Chisoti chake ndachipala chonse, chili mbee,
kupatula kamzere ka siliva kaja.